Rightful owner ndani? Kuyerekeza njira zotsimikizira kuti malo kapena chuma n'chanu

Liwu la Chingerezi lakuti rightful silibwera pa mtendere. Mumalipeza m'kalata ya loya youza munthu kuti achoke pa poloti, m'chigamulo cha khoti, m'kalata yolumbira imene a banki akufuna musanakhudze ndalama za malemu, kapena m'nyuzipepala mabanja awiri akamalimbirana ufumu. Ambirife tikaona pepala likutitchula kuti rightful owner mtima umakhala pansi, ngati kuti liwulo ndi chidindo cha boma. Ayi ndithu. Aliyense wogwira cholembera akhoza kulilemba, ndipo uja akukulandani maloyu, loya wake walembanso liwu lomweli. Chosiyanitsa awirinu ndi umboni umene aliyense wanyamula, ndipo umboniwo umapezeka m'njira zingapo zosiyana mtengo, liwiro ndi mphamvu.

Tanthauzo la liwuli ndi m'mene amaligwiritsira ntchito

Rightful amanena munthu amene chinthu chiyenera kukhala chake malinga ndi lamulo, mwambo kapena chilungamo, kaya chili m'manja mwake kapena ayi. Ife timati mwini wake weniweni, woyenera kulowa m'malo, kapena gawo lomuyenera. Apolisi akagwira wakuba njinga, njingayo imabwerera kwa rightful owner: wakubayo ndiye amaipalasa, koma siinali yake. Pagona nkhani ndi pomwepa, liwuli limalekanitsa wosunga chinthu ndi mwini chinthu. N'chifukwa chake simungamve munthu akudzitcha rightful owner wa nsapato zimene wavala, pokhapokha wina atazilozera chala.

Pa Chingerezi limakhala kutsogolo kwa dzina: rightful owner, mwini weniweni, rightful heir, woyenera kulandira chuma kapena kulowa ufumu, rightful share, gawo loyenera, rightful place, malo omuyenera munthu. Eni chinenerocho sakonda kunena kuti the owner is rightful. Akafuna kutembenuza chiganizo amati the house is rightfully hers, kutanthauza kuti nyumbayo ndi yake ndithu ya mayiyo. Onaninso kuti limakonda kuyenda ndi the, ngati kuti mwini weniweni amakhala mmodzi basi. Apa ndi pamene Chingerezi chimakhumudwa chikafika kumudzi, chifukwa munda wa mbumba eni ake ndi ambiri, ena sanabadwe n'komwe.

Pali mawu ena ofanana nalo amene amasokoneza anthu polemba makalata. Righteous ndi wolungama wa m'Baibulo, ndipo mukalemba kuti ndinu righteous owner, a ku ofesi angomwetulira. Legal ndi chokhudza lamulo, lawful ndi chololedwa ndi lamulo, pamene valid amanena pepala limene likugwirabe ntchito, monga laisensi yosatha masiku. Legitimate ndiye loyandikira kwambiri, koma lili ndi mbiri yake: kale linkagwiritsidwa ntchito posiyanitsa ana obadwira m'banja ndi obadwira kunja, tsankho limene Malamulo aakulu a dziko la Malawi saliloleza, popeza amati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo mosaona m'mene anabadwira.

Kusiyana kopweteka kwambiri kuli pakati pa registered owner ndi rightful owner. Munthu ali ku Johannesburg, mwezi ndi mwezi akutumiza ndalama kwa achimwene ake kuti amugulire poloti ku Area 25 ndi kumangapo. Achimwene aja alembetsa polotiyo m'dzina lawo, akuti kuti zinthu ziyende msanga. Tsiku lobwera mwini thukuta, m'kaundula wa boma muli dzina lina. Iye akhoza kukhala rightful, koma pepala lili ndi mnzake, ndipo mtolo wonse wobweretsa umboni wagwera iye. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Miyeso inayi

Njira iliyonse m'munsimu ndaiyeza ndi mafunso anayi. Loyamba ndi mtengo, ndipo sindikunena ndalama za pa risiti zokha. Muwerengenso thiransipoti, masiku amene simupita kumunda kapena kuntchito, komanso ubale umene ungasweke. Lachiwiri ndi kupezeka: kodi njirayo ilipo kumene inu muli, ndipo imatenga nthawi yaitali bwanji? Lachitatu ndi kusamalira, kunena zimene muyenera kumachita pambuyo pake kuti umboni wanu usafe. Lomaliza ndi chiopsezo: wina akadzuka n'kukutsutsani, njirayo ingathyokere pati?

Zitatu zoyamba zikukhudza malo, ziwiri zotsatira chuma cha masiye, ndipo yomaliza ndi ya pamene zonse zakanika.

1. Umboni wa amfumu ndi kalata ya pamudzi

Mtengo: Palibe yotsika kuposa iyi. Kangachepe ka amfumu, chabwalo ngati pali mlandu, mwina nkhuku. Zonse zikhoza kutha tsiku limodzi.

Kupezeka: Paliponse pamene pali nyakwawa. Ngakhale m'makomboni a m'tauni monga Ndirande, Bangwe ndi Mtandire, anthu ambiri amagula ndi kugulitsa malo ndi kalata ya amfumu, yolembedwa pa pepala la m'kope n'kudindidwa.

Kusamalira: Umboni uwu uli m'mitu ya anthu, ndipo anthu amamwalira. Muyenera kumaoneka pa malopo, kulima, kubzala mitengo kapena khonje m'malire, kusonkha nawo pa maliro ndi pa chitukuko. Munthu amene mudzi sumuona, mudziwo umaiwalanso malire ake. Kalatayo ijambuleni pa foni ndipo kope lina musungitse kwina, chifukwa chiswe ndi denga lodontha sizisankha pepala.

Chiopsezo: Chachikulu. Amfumu ena, kapena anthu odzitcha nduna zawo, amagawa malo amodzi kwa anthu awiri kapena atatu, aliyense ndi kalata yake yodindidwa bwino lomwe. Mfumu ikamwalira, wolowa m'malo akhoza kunena kuti za kalatayo sakuzidziwa. Kuwonjezera apo, makhoti akhala akunena kwa zaka zambiri kuti malo a makolo sagulitsidwa ngati katundu wa m'sitolo, choncho kalata yonena kuti "ndagulitsa" ikhoza kukufookerani tsiku limene mukuifunitsitsa. Ndipo ngati malowo ali mu mzinda n'kupezeka kuti ndi a khonsolo, a Unduna wa za Malo kapena a Malawi Housing Corporation, amfumu analibe mphamvu yowagawa ngakhale pang'ono.

Pali chiopsezo china chimene anthu sachitchula mokweza. Mkamwini amene wamanga nyumba ya malata kuchikazi, ndi mayi amene anapita kuchitengwa, onse awiri amakhala pa nthaka ya eni. Banja likatha kapena mnzawo akamwalira, bwalo la amfumu limatsata mwambo, ndipo mwambowo nthawi zambiri umati mlendo abwerere kwawo.

Komabe njirayi musainyoze. Pafupifupi njira zina zonse zokhudza malo a kumudzi zimayambira pa mawu a amfumu ndi a anthu oyandikana nawo malire.

2. Kulembetsa malo a makolo

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a malo, limodzi mwa iwo ndi Customary Land Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022. Lamuloli limalola munthu, banja kapena gulu kulembetsa malo a makolo n'kulandira chiphaso cha chimene amachitcha customary estate. Ntchitoyi imadzera m'komiti ya za malo ya m'dera la gulupu. Wapampando ndi gulupuyo, ndipo pa mamembala ena asanu ndi mmodzi, atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi.

Mtengo: Kumene ntchito yoyeza ikulipiridwa ndi pulojekiti, mwini munda sataya ndalama zambiri. Chimene amataya ndi masiku: misonkhano, kuyenda m'malire ndi oyandikana nawo, kukaona ngati dzina lalembedwa molondola pa mapu.

Kupezeka: Apa ndiye pofooka. Ntchitoyi inayesedwa koyamba m'madera ena a Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo yachitikanso ku Chikwawa ndi Nsanje kudzera mu pulojekiti ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme. Sizitanthauza kuti mukangodzuka lero n'kupita kwa gulupu mubwerako ndi chiphaso. Dera lanu liyenera kukhala ndi komiti yokhazikika ndiponso malire a mfumu yaikulu odziwika. Yambani mwafunsa ku ofesi ya za malo kwa DC.

Kusamalira: Kochepa. Sungani chiphaso, tetezani zizindikiro za malire, ndipo mwini akamwalira kapena munda ukagawidwa, kasinthitseni m'kaundula. Chiphaso cha dzina la agogo amene anamwalira kalekale chimangoyambitsa mkangano womwe uja chinabwera kudzathetsa.

Chiopsezo: Funso lakuti "tilembe dzina la yani" ndi lowawa kuposa m'mene limamvekera. Mwini mbumba amene mwambo unamuika kukhala woyang'anira chabe, akalembedwa yekha pa chiphaso amasanduka mwini pa pepala, ndipo alongo ake ndi ana awo amasanduka opempha. Kumpoto ndi ku Chigwa cha Shire, kumene malo amatsata kuchimuna, mayi amene walima mundawo zaka makumi awiri akhoza kusiyidwa kunja. Lamulo limalola kulembetsa mayina angapo pamodzi, ndipo ine ndimaona kuti banja limene likukhala mwamtendere lero lichite zimenezo lero lomwe. Dziwaninso kuti lamulo limaika malire pa kugulitsa malo otere, choncho si njira ya munthu wofuna kugula n'kugulitsa mawa. Mkangano ukabuka, umayambira ku bwalo la za malo la kwa T/A, kenako la pa boma, kenako lalikulu la dziko lonse.

3. Lizi ndi chiphaso cha boma

Mtengo: Wokwera. Pali ndalama zofunsira malo, za asaveya, zokhomera mabikoni, za chitukuko, zolembetsa, ndipo ngati mukugula kwa munthu, pali za loya ndi msonkho wa stamp duty. Funsani mndandanda wa zolipira wolembedwa musanayambe, ndipo ndalama iliyonse ibwere ndi risiti ya boma kapena ya khonsolo. Amene akuti "ingondipatsani, ndikakulipirirani" ameneyo ndi dobadoba, ngakhale atavala tayi.

Kupezeka: Maofesi akuluakulu a kaundula wa malo ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Wa ku Nsanje kapena ku Chitipa awerengeretu maulendo. Fayilo imadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo miyezi imasanduka zaka mosavuta. Lizi, kunena pangano lobwereka nthaka kwa zaka zoikika, ikakhala ya nyumba kawirikawiri imakhala ya zaka 99, pamene minda yambiri ya maesiteti inapatsidwa ya zaka 21.

Kusamalira: Chaka ndi chaka pali ground rent, lendi yolipira kwa mwini nthaka, ndipo mu mzinda palinso msonkho wa khonsolo. Lizi imabwera ndi mfundo zake, monga kumanga mkati mwa nthawi yoikika, ndipo mukanyozera boma lili ndi mphamvu yolanda malowo. Ya zaka 21 imatha munthu asanazindikire. Ana ambiri a eni maesiteti a fodya akusunga mapepala amene masiku ake anatha bambo awo akadali moyo.

Chiopsezo: Uwu ndiye umboni wolimba koposa, ndipo ndi umene mabanki anazolowera ngati chikole. Koma si kuti sungagwe. Pali ziphaso zachinyengo, pali mapoloti ogawidwa kawiri, pali nyumba zogulitsidwa zili pa ngongole. Musanapereke ndalama pangani search ku kaundula: ionetsa dzina la mwini, ngongole ndi chiletso chilichonse. Ngati muli ndi gawo pa malo olembetsedwa m'dzina la wina, mukhoza kupempha kuikapo caution kuti asagulitsidwe inu osadziwa.

Palinso nkhani ya nthawi. Timakonda kunena kuti mlandu suola, koma pa malo olembetsedwa lamulo limati umaola. Munthu akakhala pa malo anu poyera, popanda chilolezo chanu, mosadodometsedwa kwa zaka 12, akhoza kupempha kuti akhale ake, ndipo inu mukhoza kutaya mwayi wokamusumira. Amene muli kunja kwa dziko, chiphaso m'sutikesi sichilondera poloti.

4. Wilo

Mtengo: Ikhoza kukhala yaulere. Lamulo la Deceased Estates la 2011, limene linalowa m'malo mwa la 1967, limafuna kuti wolemba akhale wa zaka 18 kapena kuposerapo ndi wamaganizo abwino, wiloyo ikhale yolembedwa, ndipo asainire pamaso pa mboni ziwiri zimene nazonso zisainire. Loya amalipiritsa, koma ngati muli ndi nyumba zingapo, mitala kapena ana a amayi osiyana, ndalama imeneyo si yotaya.

Kupezeka: Aliyense, kulikonse, lero lomwe. Chotchinga si ofesi koma mantha akuti kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Koma imfa imafika ndi kwa amene sanalembe.

Kusamalira: Ilembeninso mukakwatira, banja likatha, mwana akabadwa, kapena mukagula ndi kugulitsa katundu. Isungeni pamalo otetezeka monga ku khoti lalikulu, kwa loya kapena ku banki, ndipo munthu mmodzi wodalirika adziwe kumene ili. Wilo yobisidwa pansi pa matiresi amaipeza ndi amene ayambe kulowa kuchipinda, ndipo ameneyo mwina ndi amene simunamulembemo.

Chiopsezo: Wilo sigawa chimene sichanu, choncho munda wa mbumba musaulembemo ngati wanu. Mboni zikhale anthu osalandira kanthu. Mukamana mkazi, mwamuna kapena ana anu popanda kuwasiyira chowathandiza, khoti lili ndi mphamvu yowapatsa gawo. Ndipo apa ndi pamene liwu lathu lija limapweteka anthu: musalembe kuti chuma chipite kwa my rightful heirs. Mwangosiyira ana anu ndi adzukulu a kuchikazi funso loti akalimbirane. Tchulani mayina onse, tchulani nambala ya poloti, nenani ndani atenge chiyani. Dziwaninso kuti penshoni imatsata fomu imene munalemba kuntchito yotchula olandira, ndiye ngati pa fomupo pakadali dzina la munthu amene munasiyana naye kale, wilo siikonza zimenezo. Pomaliza, wilo siigwira ntchito yokha: amene munamusankha kuyendetsa chuma ayenera kukatenga chilolezo ku khoti, chotchedwa probate.

5. Makalata oyendetsera chuma cha masiye

Iyi ndi njira ya mabanja ambiri, chifukwa ambiri timamwalira opanda wilo. Lamulo la 2011 lija limayankha lokha funso lakuti rightful heir ndani. Oyamba ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana onse, obadwira m'banja ndi kunja komwe. Palinso amene ankadalira malemu, monga makolo ake ndi ana aang'ono amene ankawalipirira sukulu. Wamasiye amasunga katundu wa m'nyumba mwake. Achimwene, alongo ndi amalume amabwera pokhapokha magulu amenewa palibe. Lamuloli limanenanso kuti mwambo supatsa munthu mphamvu yolandira chuma cha malemu, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo.

Mtengo: Mukadzera kwa loya n'kupita ku khoti lalikulu kukatenga makalatawa, otchedwa letters of administration, mulipira loyayo ndi ndalama za khoti, ndipo chuma chikakhala chachikulu pali msonkho wake. Mukadzera kwa Administrator General, mkulu wa boma woyendetsa chuma cha masiye, kapena kwa DC, amene amagwira ntchitoyi m'malo mwake m'maboma, simutulutsa zambiri m'thumba, koma amadula kangachepe pa chumacho. Chuma chochepa chikhoza kuthera kwa majisitireti.

Kupezeka: Ofesi ya DC ili m'boma lililonse. Konzekerani chiphaso cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, zitupa za unzika, umboni wa ukwati, kalata ya amfumu ndi mndandanda wa ana onse. Ngati ukwati unali wa ankhoswe, ankhoswewo ndiwo umboni wanu, muwasunge bwino.

Kusamalira: Woyendetsa chuma si mwini chuma. Ambiri amalakwitsa apa. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa katundu, kulipira ngongole, kugawa, ndi kufotokoza ndalama iliyonse. Nyumba ikagawidwa, dzina lisinthidwe ku kaundula.

Chiopsezo: Kuchedwa, ndipo kuchedwa kumadya ndalama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama za malemu zimene zinangokhala mu akaunti nthawi yonseyo kudikira siginecha, sizikugulanso malata amene zikanagula. China ndi wachibale wothamanga kukatenga makalata mwachinsinsi atabisa mayina a ana ena. Makalata otere khoti likhoza kuwafafaniza, koma pofika nthawiyo galimoto inagulitsidwa kale.

Ndinenepo pang'ono za kalata yolumbira, imene amaitcha affidavit. Mudzaifuna pafupifupi pa khomo lililonse, ndipo ndi yotsika mtengo. Koma loya kapena majisitireti wodindapo akungotsimikiza kuti inu munalumbira, osati kuti zimene mwalumbirazo ndi zoona. Kulemba kuti I am the rightful heir n'kudindidwa sikukupatsani nyumba, ndipo kunama m'kalata yotere ndi mlandu.

6. Kusuma ku khoti

Mtengo: Wokwera kuposa zonse, ndipo sudziwika mathero ake. Wogonja kawirikawiri amalamulidwa kulipiranso zimene mnzake wawononga. Amene alibe ndalama apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa pa milandu, ngakhale kumeneko mafayilo ndi ochuluka kuposa maloya. Ubale nawo umathera pomwepo. Amalume amene mwawaimika m'kabokosi ka mboni sadzabweranso pa chinkhoswe cha mwana wanu.

Kupezeka: Khoti lalikulu lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo nkhani za umwini wa malo a lizi zimapita kumeneko. Zolemba za khoti zimakhala m'Chingerezi, wotanthauzira amathandiza pa zolankhula. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadzera pa kuyanjanitsa. Mwayi umenewo musaupeputse.

Kusamalira: Kufika tsiku lililonse la mlandu, kusunga mboni, kulondola fayilo. Mukapambana, chigamulo chiyenera kukwaniritsidwa, ndipo wogonja akhoza kuchita apilo ku Supreme Court of Appeal.

Chiopsezo: Mukhoza kukhala mwini weniweni n'kugonja chifukwa chosowa umboni. Khoti limaweruza zimene zaikidwa patsogolo pake. Ubwino wake ndi wakuti ndi khomo lokhalo limene likanena kuti rightful owner ndi uje, liwulo limakhala ndi mano. Lingaperekenso chiletso choimitsa kugulitsa kapena kumanga pamene nkhani ikumvedwa.

Njira iti kwa yani

Ngati mukulima munda wa makolo ndipo palibe mkangano, sungani ubale ndi amfumu ndi oyandikana nawo malire, lembetsani kalata yofotokoza malirewo pamaso pa mboni, ndipo ntchito yolembetsa ikafika m'dera lanu musaphonye msonkhano ngakhale umodzi. Lembetsani mayina a onse oyenera, osati la mtsogoleri yekha.

Ngati mukugula poloti m'tauni, kalata ya amfumu yokha siikwana. Pitani ku khonsolo kapena ku Unduna wa za Malo mukafunse kuti nthakayo ndi ya yani, pangani search, ndipo ndalama yomaliza muipereke mapepala osinthira dzina atasainidwa. Wogulitsa akamakufulumizitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama masana, musiyeni winayo agule.

Ngati muli ku South Africa, ku Britain kapena kwina kulikonse ndipo mukumanga kumudzi, dzina pa pepala likhale lanu kuyambira tsiku loyamba. Wokuyendetserani mumpatse power of attorney, kalata yomupatsa mphamvu yochita zinthu m'malo mwanu, yotchula ntchito yake yeniyeni, ndipo musunge umboni wa ndalama iliyonse imene mwatumiza pamodzi ndi mauthenga a pa WhatsApp onena chimene ndalamayo inali kukagula.

Ngati muli ndi nyumba, ana a amayi kapena abambo osiyana, kapena abale amene mukuwadziwa kale mtima wawo, lembani wilo mwezi uno, ndipo mukaonenso fomu yanu ya penshoni.

Ngati mwaferedwa ndipo panalibe wilo, chuma chili chochepa komanso banja likugwirizana, yambirani kwa DC. Ngati pali nyumba ya lizi, bizinesi kapena ndalama zambiri ku banki, loya ndi khoti lalikulu zikupulumutsirani nthawi. Achibale akayamba kunyamula katundu maliro asanathe n'komwe, imeneyo si nkhani ya pabanja, pitani ku Victim Support Unit ya apolisi tsiku lomwelo ndi mndandanda wa zimene zatengedwa.

Ndipo ngati mwapeza munthu akukumba maziko pa malo anu, musadikire kuti afike pa lintala. Jambulani zithunzi, tengani mapepala anu onse, mulembereni kalata yomuletsa n'kusunga kope, ndipo sabata yomweyo mukaonane ndi loya kapena a Legal Aid Bureau za chiletso cha khoti.